Batani la Ulusi Wachilendo

Kuntchito ankamutcha Magalasi, chifukwa nkhope yake inali yaing'ono pomwe magalasi ake anali aakulu, moti ukamuyang'ana unkayamba waona magalasiwo kenako n'kumufunafuna mwiniwake kuseri kwake. Sanali munthu wa mawu ambiri. Pamisonkhano ankakhala kumapeto kwa tebulo, pafupi ndi chitseko, ndipo akafunsidwa maganizo ankayamba watsokomola kaye ngati akupepesa kuti ali ndi pakamwa. Koma pa masamu panalibe womufika.

Ofesi yawo inali pamwamba pa sitolo ya matayala, ndipo fungo la labala linkakwera masitepe limodzi ndi aliyense. M'menemo ankapanga masamu oyerekezera khalidwe la munthu. Makampani ankabwera ndi dandaulo limodzi, lakuti wantchito wabwino amangochoka mwadzidzidzi, mwezi uli pakati. Ndiye antchito a makampaniwo ankapatsidwa mafunso: kodi umakonda gulu kapena kukhala wekha, umapsa mtima msanga, umasunga zinthu pamalo pake? Mayankhowo ankawasandutsa manambala, n'kuwaphatikiza ndi zimene munthuyo akuchita masiku amenewo, monga kutuluka panja kukayankha foni, kukana ntchito yotenga nthawi yaitali, kapena kuyamba kuphunzitsa anzake zimene kale ankadziwa yekha. Zonsezi ankazithira mu pulogalamu ya pakompyuta imene iwo ankaitcha Mlosi. Mlosi ankaonetsa munthu aliyense ngati kadontho. Kakakhala kobiriwira, ndiye kuti munthuyo akhala. Kachikasu, mtima wayamba kusuzumira kunja. Kofiira, wapita kale ngakhale thupi likadali pampando.

Mkulu wa gululo anali mayi wina wachikulire amene ankavula nsapato akangofika pa desiki. Ankawatcha a Mwina, chifukwa chilichonse chimene anganene chinkathera ndi liwu limenelo, ngakhale atafunsidwa ngati amwa tiyi. Koma panali lamulo limodzi limene sankaikapo mwina: munthu amene ukumuyeza usamufunse. Aliyense watsopano ankamusimbira za bwana wina wa fakitale amene, ataona timadontho tofiira, anaitana eni ake mmodzimmodzi n'kuwafunsa ngati akufuna kuchoka. Onse analumbira kuti afera pomwepo. Kuyambira tsikulo anayamba kubisa zizindikiro, Mlosi anawabiriwitsa onse, ndipo pasanapite nthawi fakitale inatsala ndi alonda okha.

"Munthu ukamufunsa amakupatsa yankho, sakupatsa mtima," a Mwina ankatero. "Iwe ona basi. Mbalame ikadziwa kuti waiona imasintha nthambi."

Magalasi analilandira lamuloli ndi manja awiri. Linamukwana ngati malaya omuyeza, pakuti kuona ankakutha kuyambira ali mwana, koma kufunsa kunkamuumira pakhosi.

Mkazi wake anali telala. Makina ake anali pawindo la pabalaza, m'nyumba yawo ya kuseri kwa malo ometera tsitsi, ndipo mawu amene Magalasi ankalankhula tsiku lonse, iye ankawamaliza asanatsirize tiyi wam'mawa. Ankalankhula ngakhale ali ndi mapini pakamwa. Anali ndi mwana mmodzi wamkazi, wowonda ndi wamtali, amene mayi ake anamutcha Pensulo, ndipo dzinalo linamumatirira mpaka kusukulu.

Telalayo ankanyadira ntchito ya mwamuna wake ngakhale sankaimvetsa. Makasitomala ankawauza kuti bambo a Pensulo amadziwa zimene munthu achite mwiniwake asanaziganize. Ndipo Magalasi, pofuna kumuseketsa, ankachitadi timaulosi ting'onoting'ono: kuti mayi uja wa diresi la maluwa abweranso kudzati lamuthina, kuti alamu afika Loweruka ndi nkhani ya mwendo wawo. Zikachitika mkaziyo ankaomba m'manja n'kunena kuti anakwatiwa ndi munthu woopsa. Tsiku lina Magalasi anabwera ndi mafunso a Mlosi pa foni, poti kuntchito ankafuna kuyesa mafunso atsopano pa achibale. Mkazi wake anawayankha onse uku akuponda makina, akuseka funso lililonse. Mawa lake mwamunayo anamuuza kuti kadontho kake n'kobiriwira ngati msipu wa mvula yoyamba.

"Ndiye kuti sindikuthawani," anatero mkaziyo. "Pepani bambo a Pensulo, katunduyu simudzamutula. Ndipo kwa inu ndingabisenji? Inu ndi makina ojambulira aja a kuchipatala, mumaona mpaka mafupa."

Zinthu zinayamba kusintha mwakachetechete, monga mmene ulusi wapansi umathera m'makina, osadziwika mpaka msoko utayamba kudumpha. Choyamba chimene Magalasi anaona chinali chakuti mkazi wake anabweza nsalu ya ukwati. Inali ntchito yaikulu, madiresi a operekeza onse, ukwati wake wa chaka chamawa, koma iye anauza mwini nsaluyo kuti akafune telala wina. Kenako masiku ena anayamba kutuluka m'mawa atavala nsapato zake zabwino, n'kubwera madzulo atatopa, maso ali pansi, osanena kumene anali. Foni ikalira ankayang'ana dzina, n'kupita nayo kuseri kwa nyumba kumene ankayanika zovala. Nthawi zambiri anali akulu ake, koma mawu ankawatsitsa ngati anthu opangana zoba nkhuku. Chakudya ankangochitokosa. Pogona ankatembenukira kukhoma. Ndipo anayamba kuphunzitsa. Pensulo anamuphunzitsa kupesa tsitsi yekha ndi kuchapa masokosi. Mwamuna wake anamuonetsa pamene amasunga mankhwala a chifuwa a mwana, ndi mmene amatsekera mpopi wa kubafa kuti usadonthe.

Ndiye panali madiresi. Makasitomala atachepa, makina sanapume. Ankasoka madiresi a Pensulo, koma osati a msinkhu wake. Loyamba linali lokulirapo pang'ono, lotsatira lofika m'mapazi, lina loti mwanayo angalowemo ndi mnzake. Ankamuimika pa mpando, n'kumuyeza ndi tepi, n'kumuyezanso ndi zikhatho, kenako n'kumuyang'ana nthawi yaitali ngati akufuna kumuona atakula pomwepo. M'munsi mwa diresi lililonse ankapinda nsalu yambiri. Pensulo atadandaula kuti akuoneka ngati belu la kutchalitchi, mayi ake anaseka n'kumuuza kuti asadandaule, mapensulo ena amafupika koma iye akungotalika.

Magalasi anaziona zonsezi, palibe chimene chinamudutsa. Ndipo poti anali atazionapo kambirimbiri mwa anthu osawadziwa, anazizindikira nthawi yomweyo. Wokana ntchito yaitali, woyankha foni panja, wophunzitsa ena ntchito yake. Tsiku lina masana, anzake atapita kukadya, anatsegula Mlosi, n'kufufuza kadontho kobiriwira kaja, n'kuyamba kuthiramo zimene anaona. Kanasanduka kachikasu. Anadziuza kuti Mlosi anapangidwira mafakitale, osati mabanja, ndipo anatseka. Koma mawa lake anatsegulanso, ndi mkuja womwe, ndipo chilichonse chatsopano chimene ankabwera nacho kuchokera kunyumba chinkakankhira kadonthoko mbali imodzi. Kanafiira tsiku limene anathiramo za madiresi.

A Mwina anamupeza akukayang'ana. Anafika osamveka poti analibe nsapato, kapu ya tiyi ili m'manja, n'kufunsa kuti ameneyo ndi wa kampani iti. Magalasi anatsokomola n'kunena kuti ndi woyeserera chabe.

"Woyesererayo wamanga kale katundu," anatero a Mwina. "Zikatero timauza bwana wake ayambe kuzolowera. Kumene akupita sitidziwa, mwina ku ntchito ina, mwina kwawo, mwina kumene sitibwerako. Mlosi amaona munthu akuchotsa manja, saona chimene chikumukoka. Koma kupita akupita. Mwina."

Magalasi anamva liwu limodzi lokha, loti akupita. Madzulo amenewo m'basi anayamba kufufuza m'mutu mwake kuti amene akumukoka mkazi wakeyo angakhale ndani. Anaganiza za wogulitsa nsalu wa mano oyera amene ankaseka nthabwala za mkazi wake mokweza. Kenako anaona kuti mwina palibe munthu, kungoti mkazi wolankhula ngati uja watopa kukhala ndi khoma. Ganizo limeneli ndilo linamupweteka kwambiri, chifukwa analibe cholitsutsira. Funso linali pakamwa pake ulendo wonse, lalifupi, loti ngakhale mwana angalifunse. Koma atafika pachipata anamva makina akulira, ndipo anakumbukira bwana wa fakitale uja. Akafunsa, mkaziyo alumbira, abisa, ndipo tsiku lina iye adzangodzuka n'kupeza pabedi pozizira. Kuli bwino aone. Woona amadziwa tsiku, ndipo wodziwa tsiku sagwa chagada.

Choncho anachita zimene ankalangiza makampani. Anayamba kuphunzira kukhala popanda iye. Ankadzuka msanga kusita malaya ake yekha. Anaphunzira njira ya kusukulu ya Pensulo ndi nkhope ya mphunzitsi wake. Mkazi wake akamuyang'ana pa tebulo, iye ankayang'ana mbale, poopa kuti maso ake amuulula.

Wometa tsitsi, amene sankadziwa lamulo lililonse, anamulasa nazo Loweruka lina atamukulunga nsalu m'khosi. Anati alamu athu, mayi a Pensulo, akutha ngati sopo wa pabafa la anthu ambiri, kodi mukuwadyetsa masamu? Magalasi anayankha kuti angotopa ndi ntchito. Wometayo anamuyang'ana m'kalirole, makina ali m'malere, n'kufunsa ngati zimenezo anena ndi iwo kapena ndi kompyuta, paja safunsa anadya phula. Amene ankadikira pabenchi anaseka. Magalasi anaseka nawo pang'ono, koma mumtima anangoti kani nkhaniyi yafika kale kwa oyandikana nawo.

Ndipo batani la malaya ake oyera litathothoka ali kuntchito, sanaliike m'thumba monga ankachitira zaka zonsezo. Anatsika masitepe, n'kuwoloka msewu, n'kukalisoketsa kwa telala wa pakhonde la sitolo ya mabuku.

Mkazi wake analiona Lamlungu pochapa. Magalasi anali pakhomo akupukuta nsapato za Pensulo pamene anamva madzi asiya kulira m'beseni. Mkaziyo anabwera ndi malayawo akudontha, chala chake chili pa batanilo. Ulusi wake unali woyera mopitirira, ndipo unasokedwa mopingasa pomwe iye ankasoka timizere tiwiri toyandikana. Anafunsa kuti wasoka ndani, ndipo mwamunayo ananena zoona. Mkaziyo anakhala pa sitepe pambali pake, pang'onopang'ono, dzanja limodzi litagwira m'chiuno. Anakhala choncho mpaka madzi a m'malaya anapanga kadziwe pakati pa mapazi ake.

"Bambo a Pensulo, mulibe choti mundifunse?"

Burashi inaima m'dzanja lake. Akanatembenuka akanaona mmene mphete inamasukira pa chala cha mkazi wake, ndipotu anali ataiona kale, n'kuithira mwa Mlosi monga chizindikiro cha munthu wosowa mtendere pamalo.

"Ayi," anatero. "Ndilibe."

Mkaziyo anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva zimene ankaziyembekezera. Anadzuka n'kukayanika malayawo, batani lija osalikhudza.

Tsikulo linafika mkati mwa sabata. Magalasi pobwera kuchokera kuntchito, dzuwa likadalipo, sanamve makina. Anawapeza atavindikiridwa ndi nsalu, mapini onse ali m'kabotolo, pansi posesedwa popanda ngakhale kachidutswa ka ulusi. Kuchipinda chikwama chachikulu panalibe, mswachi umodzi panalibe. Madiresi a Pensulo anali atapindidwa m'kabati, laling'ono pamwamba, lalikulu pansi. Anakhala pabedi, ndipo chimene chinadzamuchititsa manyazi pambuyo pake n'chakuti pansi pa ululu wonsewo panali kamtima kena kakang'ono kokhutira, ka munthu amene samu yamutulukira.

Chitseko chinatseguka popanda odi. Anali alamu ake, akulu ake a mkazi wake, akukoka mwendo wawo wodwala uja, Pensulo ali kumbuyo ndi chikwama cha kusukulu. Mwanayo anamutuma kwa wometa tsitsi kuti akaonere kanema, kenako anatseka chitseko n'kuyamba. Anati iwo akhala chete nthawi yaitali chifukwa mng'ono wawo anawagwira mwendo, wabwinowo, kuti asalowerere, koma lero zakwana. Anati ngakhale galu amaperekeza mbuye wake mpaka pamsewu. Anati miyezi yonseyi akhala akumuperekeza okha ndi mwendo umodzi, kukhala naye pa mabenchi ozizira, kumugwira akamasanza m'mbali mwa njira, pomwe mwamuna wa miyendo iwiri akusita malaya. Lero amugoneka, ndipo munthu amene wavalika banja lonse ndi manja ake wanyamula yekha chikwama kukakwera basi.

"Amugoneka kuti, alamu?"

Alamuwo anatsegula pakamwa kuti apitirize, koma anaima. Anamuyang'ana bwinobwino, kudutsa magalasi aja, ndipo mkwiyo unatsika pankhope pawo n'kusiyapo chinthu cholemera kuposa mkwiyo.

"Mayo ine," anatero motsitsa. "Simukudziwa. Iye amati mukudziwa."

Wodi ya kuchipatalako inali yaitali, ya mawindo okwera, yonunkha mankhwala okolopera. Inali nthawi yoona odwala ndipo pabedi lililonse panali anthu ndi mabasiketi awo. Mkazi wake anali kumapeto, pafupi ndi khoma, atavala chovala cha chipatala chimene msoko wake wa paphewa unali wokhota, ndipo chala chake chinkauyenda msokowo, kuudzudzula mwakachetechete. Pa bedi loyeralo anaoneka mmene analili. Magalasi anadabwa kuti maso omwewo amene anatola chizindikiro chilichonse sanaone chinthu chimene wometa tsitsi anachiona podutsa.

Nesi wina anali atamuuza kale pakhonde dzina la matendawo, khansa, ndi kuti yafalikira, ndi kuti tsopano ntchito yawo ndi yochepetsa ululu. Magalasi anakhala pa kampando kachitsulo. Mkaziyo ndiye anayamba, monga mwa masiku onse. Anati tsiku limene adokotala anamuuza, anabwera kunyumba mawu ali okonzeka, koma atamupeza mwamuna wake akumuyang'ana ndi maso aja anadziwa kuti waona kale. Anadikira kuti ayambe ndiye. Ankaganiza kuti akufunafuna mawu abwino, poti ndi munthu wosankha mawu. Kenako anamuona akusita yekha, akuphunzira njira ya kusukulu. Kenako batani lija.

"Linandipweteka, sindinama. Koma ndinati aliyense amalira mwake. Ndinati bambo a Pensulo awerenga masamu awo, aona kuti sindichira, ndiye akudzizoloweza. Ndinati ndisawalemetse."

Magalasi akanatha kukhala chete. Akanatha kulandira chikhululuko chimenecho mmene chinalili, poti chinali chosokedwa kale, chongovala. Koma ulendo uno kukhala chete kunamulemera kuposa kulankhula. Anavula magalasi, nkhope ya mkazi wake n'kusanduka chifunga, ndipo m'chifungamo anatha kutsegula pakamwa. Anamuuza za kadontho, za mmene kanafiirira, za lamulo la a Mwina, ngakhale za wogulitsa nsalu wa mano oyera.

Mkaziyo anaseka. Anaseka mpaka anagwira pamimba, mpaka mayi wa bedi loyandikana anatembenuka. Anati wogulitsa nsalu uja mano ake ndi ogula, amawaika m'kapu akamadya nyama. Koma kusekako kunatha pang'onopang'ono, ngati makina amene phazi lachokapo, ndipo anatsala akuyang'ana kudenga.

"Ndiye mumaganiza kuti ndikukuthawani."

"Eya."

"Miyezi yonseyi."

"Eya."

"Ndipo munangoyang'ana." Sanakweze mawu. "Imfa salimbana nayo, imeneyo ndinakukhululukirani. Koma munthu, bambo a Pensulo? Mumaona mkazi wanu akumanga katundu kupita kwa mwamuna wina, inu n'kupita kukasoketsa batani? Osandigwira ngakhale mkono? Osaima ngakhale pakhomo?"

Magalasi anatambasula dzanja n'kugwira mkono uja, pamwamba pa pamene panalowa singano ya diripi. Unali wopepuka ngati mpukutu wa nsalu wotsala pang'ono kutha. Mkaziyo sanauchotse, komanso sanatembenuke. Belu lotulutsa alendo litalira, anangomuuza kuti mawa abwere ndi malaya oyera aja, singano, ndi ulusi wa m'kabati ya makina.

Anabwera nazo. Manja a mkaziyo ankanjenjemera, ndiye mwamunayo ndi amene analowetsa ulusi pa singano, ataphonya kambirimbiri. Mkaziyo anadula ulusi wachilendo uja ndi mano, n'kulisokanso batanilo timizere tiwiri toyandikana, ndipo ntchito imene kale ankaichita uku akucheza inamutengera nthawi yonse ya alendo. Za dzulo lake sanazitchulenso. Masiku otsatirawo Magalasi anafunsa mafunso onse amene anawasunga: pakupweteka pati, mukuopa chiyani, madziwa sanazizire kwambiri, munandikonderanji munthu ngati ine. Ena ankayankha, ena ankati mwachedwa nawo, ena ankagona asanawamve. Anamwalira m'mawa wina mvula ikuwaza, Magalasi ali m'basi ndi fulasiki ya tiyi pamiyendo.

Atabwerera kuntchito anapeza a Mwina atavala nsapato, ataima pa desiki yake. Alamu aja, amene anazimva kwa mng'ono wawo, anali atawauza zonse pamaliro. Anayamba kunena kuti lamulo lija ndi la anthu osawadziwa, kuti iwo sanaganizepo kuti munthu angapite nalo kunyumba, koma mawu anawathera panjira ndipo sanamalize ngakhale ndi mwina. Magalasi anawauza kuti lamulolo iwo anangolinena, amene analikonda ndi iye. Atachoka anatsegula Mlosi. Kadontho kaja kanali pomwepo, kofiira, ndipo panalibe pamene akanathirapo zimene tsopano ankadziwa. Anakayang'ana mpaka tiyi wake anazizira, kenako anayamba ntchito ya tsikulo.

Pensulo anapitiriza kutalika. Diresi lapamwamba lija linamuchepera, lotsatira nalo linayamba kuonetsa mawondo. Loweruka lina masana Magalasi anakhala pawindo la pabalaza, pambali pa makina ovindikira aja, n'kuyamba kumasula ulusi wa m'munsi mwa diresilo monga alamu ake anamuonetsera. Nsalu yopindidwayo itatambasuka anaona kamzere ka choko, kosuluka, kozungulira diresi lonse. Apo ndi pamene mayi ake anayerekeza kuti mwanayo adzakhala atafika. Anamuitana, n'kumuveka, n'kumuimika pa mpando womwe uja, n'kupinda nsalu pa kamzereko. Linali lalifupibe. Mwanayo anali atadutsa pamene mayi ake anamuonera.

Anakhala atagwira nsaluyo, mapini ali pakamwa, mpaka Pensulo anayamba kusinthanitsa miyendo. Kenako anatsitsa, n'kupinda m'munsi mwa mzerewo, pamene panalibe chizindikiro cha munthu aliyense. Analavulira mapini m'dzanja n'kumufunsa ngati pamenepo pali bwino, ngati sipakumukanda, ngati akufuna lalitali kuposa apo, ndiponso chifukwa chake dzulo anabwera kuchokera kusukulu maso ali ofiira.

"Adadi, mumafunsa kwambiri," anatero Pensulo.

"Ndikudziwa. Koma yankha."

Mwanayo anayang'ana pawindo kwa kanthawi, akuluma mlomo wam'munsi ngati mayi ake. Kenako, ali chiimire pa mpandopo, anayamba kumuuza.